Chitofu cha Bambo ku Valparaíso

Mayi Ulloa akufuna makiyi awo Lolemba.
Ayenda chipinda ndi chipinda, chala patsogolo,
pa chitofu aima.
"Ichi ndinachipereka choyera."
Sakunama. Papita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Fermín watenga wailesi ndi jekete lachikopa,
wathamangira basi ya ku Santiago.
Ine wandisiyira mafuta.

Si mafuta oyenderera m'chiwaya ayi.
Awa anakhala pansi, anakalamba,
anasanduka phula lomata ngati ulimbo,
m'mphepete motulukira moto muli bii, muli gwa,
chikhadabo changa chabwerako chothyoka.

Ndazula zitsulo zokhazikapo mapoto,
ndazimiza m'beseni la madzi otentha ndi sopo.
Soda ndamukanda ndi timadzi mpaka phala,
ndamata paliponse mokhuthala,
ndawaza viniga pamwamba.
Thovu latutuma, likunong'ona zake.
Wa pagolosale anandichenjeza:
usalimbane nacho, chisiye ola lathunthu.

Ola lathunthu!
Ndakhala pa mpando wa bambo, woyang'ana kudoko,
kumene makina okweza katundu m'sitima
akuwerama ndi kudzuka, kuwerama ndi kudzuka,
osadziwa kuti Evaristo Quilodrán
tinamuika m'manda Lachitatu.

Kenako chinkhupule.
Zapamwamba zachoka msanga:
mazira a miyezi yomaliza,
pamene dzanja linkanjenjemera
n'kuphonya chiwaya.
Pansi pake pali nsomba za Lachisanu lililonse,
zokazinga mu ufa, zenera lotseka chifukwa cha mphepo,
utsi wake mpaka m'malaya athu a sukulu.
Izi zakana chinkhupule.
Ndatenga supuni yamtengo, ndapala,
zikufutukuka ngati khungwa.

Mbali zinayi zophikira,
koma litsiro launjikana pa imodzi,
yakutsogolo kumanja.
Zitatu zinazo zangokhala ndi fumbi lonona.
Sindinafunsepo kuti amadya ndi ndani.
Pa foni ankati, ndakhuta, mwanawe, ndakhuta.

Timabowo ta gasi ndatitokosa ndi singano
kamodzikamodzi, makumi atatu ndi awiri,
ndawerenga kuti ndisaganize zina.
M'makona ndalowetsa mswachi wawo womwe,
wobiriwira, wophwanyika ubweya.
Madzi a m'beseni ndataya katatu,
kachitatu akadali ngati khofi.
Msana ukuwawa. Zala zachita makwinya,
viniga wapeza kabala kamene sindimakadziwa.

Ndiye pafupi ndi kotembenuzira moto,
pansi pa nkhoko yomaliza,
patuluka kadontho kofiira.
Ndayesa magazi anga. Ndapukuta. Kalipo.
Ndi utoto wa zikhadabo wa amayi.
Anadontheza dala, chaka chimene anayamba kudwala,
kuti bambo adziwe polekezera moto
mkaka usasefukire.
Ndikuwamva: Evaristo, pofiirapo, osapitirira!
Mkakawo unasefukirabe kambirimbiri,
ndaupala ndekha masana ano.

Ndazungulira kadonthoko ndi nsonga ya nsanza
monga mmene umasambitsira mwana m'maso.

Usiku wagwa, magetsi akwera mapiri onse.
Ndabwezera zitsulo, zouma, zozizira,
ndakhwatcha machesi.
Moto wayaka wabuluu, wozungulira bwinobwino,
wopanda lilime lachikasu ngakhale limodzi.
Ndilibe choti nditerekepo,
mapoto ali kale m'makatoni.
Ndautsitsa kufika pofiira,
ndaima pomwepo kanthawi, manja m'khwapa.

Lolemba Mayi Ulloa abwera ndi chala chawo.
Achiyendetsa pa chitofu, chalira tswii,
achiyang'ana, palibe kanthu.
Aweramira pafupi, magalasi pamphuno.
"Apa patsala."
Akanda ndi chikhadabo.
"Sikachoka," ndatero, "ndayesa zonse."
M'chikwama changa muli kabotolo kochotsera utoto,
kosatsegula.
Apukusa mutu, alemba kenakake m'kabuku,
ndipo atambasula dzanja kulandira makiyi
amene akununkhabe viniga.